Alendo Akachuluka Kuposa Chakudya ndi Mipando pa Ukwati

Vuto limene limabwerezabwereza pa maukwati ndi pa zinkhoswe, kaya m'tauni kaya kumudzi, ndi lakuti anthu amene afika amaposa amene anakonzeredwa, ndipo pofika cha m'ma 2 koloko masana ndiwo zimakhala zatha, mipando yadzaza, pamene ena mwa alendo ofunika kwambiri sanaikepo kanthu kukamwa. Eni mwambo akakhala pansi mawa lake amathamangira kuloza chala anthu osaitanidwa, aja amangomva nyimbo n'kulowa. Anthu oterowo alipodi, koma kawirikawiri si iwo amene amagwetsa mwambo. Mukafufuza bwino mupeza kuti chiwerengero chinasokonekera masabata angapo tsikulo lisanafike, kapena chakudya chinali chokwana ndithu koma kagawidwe ndiko kanalakwika.

Chopweteka kwambiri n'chakuti njala ya pa ukwati imasankha. Mnyamata wa m'dera lomwelo amadziwa pamene pali mapoto, ndipo sachita manyazi kuima pamzere kawiri. Azakhali a mkwati amene anakwera basi dzulo lake kuchokera ku Ntchisi, agogo, atsibweni ndi asewere sangadzuke okha kukapempha mbale, chifukwa ulemu wathu umafuna kuti munthu wamkulu, makamaka pakhomo pa eni ake, adikire kuitanidwa. Amene amabwerera ndi njala ndi omwe aja amene dandaulo lawo lidzamveka m'banjamo kwa zaka zambiri. Choncho dongosolo lonse la tsikulo liyenera kumangidwa moteteza mlendo amene sangadzilankhulire yekha.

Choyamba, onani ngati komiti ili ndi chiwerengero chimodzi

Patatsala masabata atatu, funsani anthu awa aliyense payekha kuti akuyembekezera alendo angati: wapampando wa komiti, mayi wotsogolera ophika, amene akubwereka mipando ndi matenti, ndiponso ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Ngati wapampando anena 300, wophika 250, ndipo ankhoswe a kuchikazi angoyankha kuti “abale onse abwera,” gwero la vuto mwalipeza kale. Zimatero chifukwa uthenga wa ukwati umatuluka pa milomo yambiri. Makhadi amasindikizidwa owerengeka, koma ukwati umalengezedwanso kutchalitchi pamaso pa mpingo wonse. Mayi a mkwatibwi amauza anzawo a Mvano kapena a Chigwirizano, a kumphakati ndi a banki m'khonde. Mkwati amaika chithunzi cha khadi pa WhatsApp, ndipo anzake amachitumiza m'magulu amene iye sawadziwa n'komwe. Aliyense mwa oitanawa amaona ngati anthu ake ndi ochepa, ndipo palibe amene akuwonkhetsa.

Njira yake ndi kukhala ndi buku limodzi m'manja mwa munthu mmodzi, makamaka mlembi wa komiti, ndipo wophika, wa mipando ndi wa zakumwa onse azitenga chiwerengero m'buku lomwelo. Mbali iliyonse ipereke mayina a mabanja, ndipo pa dzina lililonse palembedwe kuti m'nyumba imeneyo mudzatuluka anthu angati. Khadi lolembedwa “Bambo ndi Mayi” nthawi zambiri limabweretsa anthu anayi kapena asanu, popeza ana satsala okha pakhomo, ndipo mlamu amene wabwera kudzacheza sangasiyidwe. Pamwamba pa amenewa muikepo gulu limene limaiwalika chikhalirecho limadya ndithu: kwaya, operekeza akwati, ojambula, DJ, madalaivala, anyamata okhoma matenti ndi amayi ophikawo. Pa ukwati wa anthu 300 gulu limeneli likhoza kufika anthu 50. Mukawonkhetsa zonse, onjezani munthu mmodzi pa anthu asanu alionse ngati mwambo uli pamalo a mpanda. Ngati uli kumudzi, pabwalo lopanda geti, musadzinamize ndi makhadi. Kakhaleni pansi ndi amfumu ndi amayi akuluakulu a pamudzipo, akuuzeni midzi imene imakhamukira kumeneko pakakhala chisangalalo.

Pali mtundu wina wa vuto lomweli umene umabwera mwakachetechete. Bajeti imalembedwa miyezi 6 tsiku lisanafike, mitengo n'kukwera pakatipo, monga zinachitikira kwacha itachepa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Msungichuma amadula nkhuku ndi mpunga kuti ndalama zikwane, koma palibe amene amadula oitanidwa. Ndalama zikachepa, komiti isankhe poyera pakati pa kuchepetsa anthu ndi kuchepetsa mitundu ya chakudya. Nsima, mpunga, nyama ya mtundu umodzi ndi kabichi zokwanira aliyense zimapatsa banja ulemu kuposa ndiwo za mitundumitundu zothera pa anthu 100 oyamba. Zosawonongeka msanga, monga mpunga, mafuta ophikira, shuga ndi mchere, zigulidwe ndalama zikangosonkhedwa.

Mabanja ambiri amapepukidwa akalekanitsa magawo atatu a tsikulo. Kutchalitchi abwere aliyense. Chakudya cha masana chikhale cha abale ndi oitanidwa, ndipo mbali iliyonse ikhoza kudyetsa anthu ake kunyumba kwawo. Kumadyerero, kumene kuli perekaniperekani, khomo likhale lotseguka koma kuperekedwe zakumwa ndi tizakudya topepuka basi. Zimenezi zinenedwe momveka pa khadi ndi pa chilengezo. Ena amaopa kuti abale akhumudwa, koma boma litaletsa misonkhano ya anthu oposa 50 mu Januwale 2021 chifukwa cha Covid-19, maukwati anachitikabe ndipo chibale sichinathe. Chimene chimakhumudwitsa munthu ndi kumvera pageti zimene akanauzidwa akadali kwawo.

Chakudya chinakwana pophika koma chinatha pogawa

Ili ndilo vuto lofala kuposa onse, ndipo chizindikiro chake n'chosavuta kuona: mbale zoyamba zimatuluka ndi nthuli ziwiri kapena zitatu, zapakati ndi imodzi, zomaliza ndi msuzi wokhawokha. Wogawa akaona poto wodzaza dzanja limamasuka, ndipo amadzadzidzimuka chipande chitayamba kupala pansi. Mankhwala ake ndi kuwerenga nyama isanapite pamoto. Nkhuku yachizungu ikadulidwa nthuli 8, ndiye kuti nkhuku 40 zipereka nthuli 320. Chiwerengero chimenecho chilembedwe, ndipo wogawa aliyense auzidwe kuti ndi nthuli imodzi pa mbale, ngakhale amene waima patsogolo pake atakhala mlamu wake. Nyama ya ng'ombe kapena ya mbuzi idulidwe ndi anthu awiri okha kuti nthuli zifanane. Mpunga muuwerengere kilogalamu imodzi pa anthu 8, kutanthauza kuti thumba la makilogalamu 50 lifikira anthu pafupifupi 400 ngati pali nsima pambali, ndipo ugawidwe ndi kambale ka muyeso umodzi. Kulola alendo kudzitengera okha kumaoneka kwapamwamba, koma kumayenera pamene anthu ndi ochepa. Pa khwimbi la anthu nyama imatha mzere usanafike pakati.

Kenako pali kudontha kwa kukhitchini, nkhani imene anthu amangoinong'ona m'malo moikonza. Amayi amene adzuka mbandakucha kusenda anyezi, kusonkhezera moto ndi kutakasa mapoto mu utsi, nawonso asiya ana kunyumba. Akaona kuti palibe amene wawaganizira, ndowa yovindikira ndi chitenje imapezeka kuseri kwa mulu wa nkhuni, ndipo mdzukulu amatuluka nayo khomo la kumbuyo anthu ali kutchalitchi. Kuwalalatira sikuthandiza, ndipo kuika mnyamata woti aziwalondera ndi chipongwe kwa anthu amene abwera kudzakuthandizani. Chimene chimathandiza ndi kupatula gawo lawo poyera kuphika kusanayambe, nthuli zenizeni pamodzi ndi ziwindi, nthutumba ndi zipalapasiro, n'kuwauza kuti zotsala zidzagawidwa ndi mtsogoleri wawo alendo akatha kudya. Chipinda chosungira zakudya ndi zakumwa chikhale ndi kiyi mmodzi, ndipo chotuluka chilichonse chilembedwe, makamaka makreti, popeza mabotolo osabwezedwa mudzawalipira.

Koma ngakhale zonsezi zitalongosoka, akuluakulu adzatsalabe ngati mukuyembekezera kuti aime pamzere. Mayi wachikulire sangapanikizane ndi achinyamata, ndipo m'mabanja ambiri apongozi ndi mkamwini sadyera pamodzi kapena moyang'anizana. Mbali iliyonse isankhe anthu awiri odziwa nkhope, amene angathe kuloza kuti awo ndi alongo awo a agogo, awo ndi eni mbumba, awo ndi amene analera mkwati ali mwana. Asakhale makolo a akwati, amene tsikulo amakokedwa uku ndi uku, ndipo ntchito imeneyi siyoyenera atsikana olandira alendo aja osankhidwa chifukwa yunifolomu yawakhala bwino. Woyenera ndi msuweni wokhwima maganizo amene amafika kumudzi pa maliro ndi pa ziliza. Anthu amenewa akhazike akuluakulu pamalo awoawo, akuchimuna kwawo ndi akuchikazi kwawo, pamthunzi, pokhala mipando ndi mphasa zomwe, pakuti ena amamasuka pamphasa. Madzi osamba m'manja ndi chakudya ziwapeze pomwepo mzere wa anthu onse usanatsegulidwe, ndipo mbali imene ili eni khomo iyambe yadyetsa inzakeyo isanadye yokha.

Ana adyetsedwe msanga, paokha, m'mbale zing'onozing'ono, chifukwa mwana wanjala ndiye amasokoneza mzere, ndipo akapatsidwa mbale ya munthu wamkulu amataya theka. Kwa otsalawo, werengerani nthawi. Ngati munthu mmodzi atenga masekondi 20 kuti alandire mbale, anthu 300 pa mzere umodzi atenga mphindi 100, ndipo amene ali kumbuyo akaona nthawi ikupita amayamba kudumpha anzawo. Mizere itatu imatsitsa nthawiyo kufika pa mphindi zosakwana 35. Gawo limodzi mwa magawo 10 a chakudya litsekeredwe m'chipinda, osatulutsidwa mpaka odziwa nkhope aja atatsimikiza kuti anthu awo onse adya, pakuti sipalephera kukhala minibasi imene yachedwa panjira.

Ngati pakati pa oitanidwa pali Asilamu, nyama iphedwe motsatira mwambo wawo, ndipo ya nkhumba isayandikire mapoto enawo. A Seventh-day Adventist nawonso sadya nkhumba. Ankhoswe afunsidwe zimenezi msanga. Posamba m'manja, madzi azithiridwa kuchokera mu jagi kapena m'chidebe cha mpopi, sopo ali pomwepo, ndipo mchitidwe woti anthu onse aziviika m'beseni limodzi ulekeke. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'Malawi muno, ndipo pamene pasonkhana anthu ambiri odyera pamodzi, madzi akumwa ndi osungunulira Sobo ayenera kukhala owiritsa kapena othira mankhwala.

Pageti ndi pamipando

Mabanja ena akatopa ndi osaitanidwa amalemba ganyu alonda, n'kuwauza kuti wopanda khadi asalowe. Mlonda amachita zimene wauzidwa, ndipo woyamba kubwezedwa amakhala malume a mkwatibwi, amene sanaganizepo kuti angafunike pepala kuti alowe pa ukwati wa mwana wa mlongo wawo, pamene mnyamata wachilendo amene ali ndi chithunzi cha khadi m'foni amalowa bwinobwino. Mlonda asaime yekha. Pambali pake pakhale wachibale mmodzi wa mbali iliyonse wokhala ndi mndandanda, ndipo mawu omaliza akhale a wachibaleyo. Makhadi a abale a kumudzi asunge amene akutsogolera ulendo wawo, kuti gulu lonse lilowe pamodzi. Munthu amene sakudziwika konse musakangane naye pamaso pa anthu. Ngati malo alipo, mulandireni, mumulozere mipando ya kumbuyo, adzadye oitanidwa akatha.

Mipando ya kutsogolo sisungika ndi pepala lomata. Anthu amalichotsa n'kukhalapo, ndipo kudzutsa munthu amene wakhala kale n'kovuta kwambiri kuposa kumuletsa asanakhale. Mizere iwiri kapena itatu ya kutsogolo itchingidwe ndi nsalu, ndipo pakhale munthu woimirira pomwepo kuyambira holo ikangotsegulidwa. Eni holo akakuuzani chiwerengero cha mipando, pitani dzulo lake mukawerenge nokha, chifukwa yothyoka nayo imalowa m'chiwerengerocho, ndipo mipando ngati 20 ibisidwe kumbali podikira akuluakulu ochedwa. Ngati mwambo uli panja, kumbukirani kuti dzuwa la Okutobala ndi mvula ya pakati pa Disembala ndi Malichi zimathamangitsira aliyense mu tenti, kotero mipando ya kunja kwa tenti musaiwerengere.

Perekaniperekani akatalika alendo amayamba kutuluka

Chizindikiro chake ndi holo imene yatsala theka pofika 5 koloko, keke isanadulidwe, mbali ina isanaitanidwe n'komwe. Choyambitsa ndi mndandanda wa magulu wautali mopitirira, kapena MC amene amangopeka magulu atsopano malinga ndi nkhope zimene waziona kuti zili ndi ndalama. Masamu ake ndi achidule: magulu 30, lililonse mphindi 6, ndi maola atatu athunthu. Mukayamba 2:30 mudzamaliza 5:30, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julayi nthawi imeneyo dzuwa limakhala likulowa, amene adalira minibasi atanyamuka kale.

Mndandanda ulembedwe ndi komiti, usapitirire magulu 15, ndipo MC aulandire kudakali masiku pamodzi ndi lamulo lakuti asaonjezerepo. Magulu ofanana aphatikizidwe, mwachitsanzo onse a kuntchito kwa mkwati alowe pamodzi. Akuchimuna ndi akuchikazi aziitanidwa mosinthana ndi kupatsidwa nthawi yofanana, chifukwa anthu amawerenga zimenezi ngakhale sanena, ndipo ochokera kutali aitanidwe koyambirira. Pambali pa MC pakhale wa komiti woyang'ana wotchi.

Kuchedwa kwina kumachokera pa thebulo la makashiya. Chitulukire K5,000 mu 2022, mlendo amafika ndi mapepala awiri kapena atatu akuluakulu, ndipo sangavine mpaka atasinthitsa. Komiti ikonzeretu ndalama za K100, K200 ndi K500 zokwanira kuyambira, zomangidwa m'timitolo toti kashiya azingopereka osawerenga limodzilimodzi. Makashiya achokere mbali zonse ziwiri, awerengere poyera, ndipo alembe zimene zapezeka gulu lililonse likatha. Ndalama ziziponyedwa mu lichero kapena m'beseni. Zikagwera pansi zimapondedwa ndi kung'ambika, zimene Reserve Bank ya Malawi yakhala ikudandaula, ndipo ana otola amadzaza bwalo. Manambala a Airtel Money ndi TNM Mpamba alembedwe poonekera kuti abale a ku Johannesburg ndi amene miyendo siwalola kuvina aperekenso. MC achenjezedwe kuti asanyoze wopereka zochepa. Azakhali amene akuponya K200 mwina anabweretsa kale thumba la ufa ndi nkhuku ziwiri, ndipo n'koyenera kuti mphatso zoterozo zitchulidwe pa chimkuzamawu. Jenereta nayo iyesedwe dzulo lake, mafuta ali momwemo, popeza magetsi akazima perekaniperekani amaimira pomwepo.

Ochokera kutali

Komiti zambiri zimakonza maola a ukwati okha, kuiwala kuti abale a kumudzi amafika Lachisanu n'kubwerera Lamulungu. Pakhale wodziwa kumene agone, amuna kwawo ndi amayi kwawo, ndi amene awaphikire chakudya cha usiku ndi tiyi wa m'mawa, ndipo zimenezi zikhale ndi bajeti yakeyake kuti zisadye mpunga wa tsiku la ukwati. Malo amene amatayikira kawirikawiri ndi pa tchalitchi: galimoto zonse zimatsatira akwati kokajambulitsa, agogo n'kutsala pakhonde osadziwa njira ya ku holo. Galimoto imodzi ipatulidwe ya iwo okha, ndipo dalaivala wake asalandire lamulo kwa wina aliyense kupatula odziwa nkhope aja. Ndalama yawo yobwererera iikidwe mu envulopu kudakali masiku, isadikire za perekaniperekani.

Ngati zavuta kale tsiku lomwelo

Wotsogolera ophika akaona kuti mzere ndi wautali kuposa zimene zatsala m'mapoto, asadikire kuti zithe. Aimitse kugawa kwa mphindi zochepa, auze wapampando mwakachetechete, ndipo odziwa nkhope aja azungulire kuona akuluakulu amene sanadye, kuti mbale zawo zipakulidwe kuchokera m'chakudya chotsekeredwa chija. Kenako nthuli zotsala zidulidwe pawiri, madzi a nsima ateleke nthawi yomweyo popeza ufa susowa ndipo nsima sichedwa ngati mpunga, ndipo wina athamangire mazira, soya kapena usipa, zimene zimapsa mofulumira. MC asalengeze kuti chakudya chatha, chifukwa mawu amenewo ndiwo amadzetsa chipwirikiti pa mapoto. Anene kuti amene sanadye akhale pamalo awo, chakudya chiwapeza pomwepo, ndipo DJ apitirize nyimbo. A komiti ndi achinyamata a m'banjamo adye pomaliza, ndipo mipando ikachepa iwo ndiwo ayambe kuimirira.

Zikachitika kuti wamkulu wina wa mbali inayo wabwerera osadya kapena wabwezedwa pageti, nkhaniyo isasiyidwe kuti izizire yokha, ndipo akwati asatumidwe kukapepesa. Imeneyo ndi ntchito ya ankhoswe. Apite pasanathe sabata, afike pakhomo pa munthuyo atanyamula nkhuku, alongosole chimene chinalakwika popanda kukankhira mlandu kwa ophika kapena kwa mlonda, ndipo pobwerera akadziwitse makolo a mbali zonse ziwiri mmene nkhaniyo yathera.